Funafunani amene sali m'lipoti

Mukangonena kuti mukufufuza za malamulo olola dokotala kuthandiza wodwala kufa, funso loyamba limene mudzalandire ndi lakuti, "Nanga inuyo muli mbali iti?" Adzakufunsani abusa anu, adzakufunsani anzanu a m'kalasi, ngakhale amene akukulipirirani sukulu adzafuna kudziwa, kungoti iwo adzafunsa mozungulira. Mbali muli nayo, palibe munthu wamoyo wopanda maganizo pa imfa. Koma ana anga, okokera mbali alipo kale ambiri, ndipo ali ndi mawu aakulu kuposa anu. Amene akusowa ndi anthu odekha, otha kunena chimene lamulo limachita kwa munthu amene wagona pabedi, makamaka uja amene dzina lake silinafike m'lipoti la boma. Ntchito yanu ndi imeneyo.

Yambani ndi kuwerenga lamulo lenilenilo, ndime ndi ndime, musanawerenge zimene ena anena za lamulolo. Mayiko amene analoleza zimenezi sachita zofanana. Ku Oregon, m'dziko la America, kuyambira 1997 dokotala amangolemba mankhwala, wodwala n'kumwa yekha, ndipo ayenera kukhala woti matenda amupha pasanathe miyezi 6. Ku Netherlands ndi ku Belgium, kuyambira 2002, sawerenga miyezi. Amayang'ana ngati kuvutika kwa munthu kwafika posapiririka popanda chiyembekezo choti kuchepa, ndipo dokotala akhoza kupereka mankhwalawo ndi dzanja lake. Ku Switzerland lamulo la milandu limangolanga wothandiza mnzake kudzipha pofuna kupindulapo, choncho ntchito yambiri imagwiridwa ndi mabungwe omwe si aboma. Wophunzira amene waphatikiza mayiko onsewa m'chiganizo chimodzi, n'kunena kuti "kumayiko a azungu amachita zakuti", ndimamubwezera pepala lake ndisanafike tsamba lachiwiri.

Mukatha kuwerenga, tulukani m'laibulale. Ndikupatsani chitsanzo cha Victoria, chigawo china cha Australia, chifukwa pamenepo m'pamene phunziroli limaoneka bwino. Lamulo lawo linavomerezedwa mu 2017, n'kuyamba kugwira ntchito pa 19 June 2019. Atsogoleri a boma ankanyadira kuti lili ndi zotchinjiriza 68, ndipo ankati ndi lokhwima kuposa ena onse padziko. Tatsatani njira imene wodwala ankayenera kuyenda monga lamulolo linalembedwera. Akhale wa zaka 18 kapena kuposa, nzika ya Australia kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo, woti wakhala ku Victoria miyezi 12. Matenda ake akhale oti amupha pasanathe miyezi 6, kapena 12 ngati ali aja owononga minyewa ndi ubongo pang'onopang'ono. Apemphe katatu, kamodzi molemba pamaso pa mboni ziwiri. Madokotala awiri ophunzitsidwa za lamuloli amuone, aliyense payekha. Pakati pa pempho loyamba ndi lomaliza papite masiku 9. Dokotala atenge chilolezo ku boma. Zikatero, ogwira ntchito ku famase imodzi yokha ya chigawo chonse, ya pachipatala cha Alfred ku Melbourne, amanyamula mankhwala m'kabokosi kokiya kupita nako kunyumba kwa wodwalayo, kaya ndi kutali chotani, ndipo wodwala amakhala atasankhiratu munthu amene adzabweze zotsala.

Papepala zonsezi n'zogwira mtima. Tsopano lowani m'chipinda cha dokotala. Ndime ina ya lamulo la 2017 inaletsa dokotala kapena namwino kuyambitsa yekha nkhaniyi kwa wodwala. Cholinga chinali chabwino, kuti pasakhale wodwala womva ngati adokotala akumuuza kuti moyo wake watha ntchito. Koma taganizirani mayi wa khansa amene wayang'ana adokotala n'kunena kuti, "Ine ndatopa, sindikufunanso kupitiriza." Kodi wapempha? Kapena akungodandaula? Dokotala akayankha momasuka akhoza kuimbidwa mlandu wosatsata malamulo a ntchito yake. Akakhala chete, mayi uja abwerera kunyumba osadziwa kuti pali lamulo lomukhudza. Ndiye amene amadziwa mawu oyenera kunena ndani? Ndi wophunzira, wowerenga nyuzipepala, wolankhula Chingerezi bwino. Mlendo amene anabwera m'dzikomo atakula kale amatsalira. Chigawo cha Western Australia polemba lamulo lake mu 2019 chinasankha njira ina: dokotala akhoza kuyambitsa nkhaniyi, bola afotokozenso nthawi yomweyo za chithandizo china chimene chilipo ndi chisamaliro chochepetsa ululu. Zigawo ziwiri za dziko limodzi, mayankho awiri pa funso limodzi. Wofufuza wa maso akuthwa amaona pamenepo mwayi woyerekeza umene sapezeka kawirikawiri.

Palinso lamulo lina limene silinalembedwe n'komwe poganizira odwala. Boma lalikulu la Australia linaletsa kugwiritsa ntchito foni kapena intaneti polimbikitsa kapena kulangiza munthu kudzipha. Dokotala wina wa ku Melbourne, Nick Carr, anapita kukhoti kukafunsa ngati chiletsochi chikukhudzanso madokotala otsata lamulo la Victoria, ndipo mu November 2023 khoti linati inde chikuwakhudza. Tanthauzo lake kwa wodwala wa ku Mildura, mtunda woposa makilomita 500 kuchokera ku Melbourne, n'lakuti zinthu zina zoti akanakambirana pafoni ziyenera kudikira mpaka wina ayende ulendo, ndipo amene watsala ndi masabata owerengeka alibe mphamvu za ulendo. Mukangowerenga lamulo la zaumoyo lokha simungaone msampha umenewu, chifukwa uli m'buku lina.

Mpanda wa khola umatchinga fisi, koma womanga akaiwala chipata, mbuzi zimafera m'kati ndi njala. Pa chotchinjiriza chilichonse funsani mafunso awiri: chikuteteza yani, nanga chikutsekereza yani? Ndipo musayankhe ndi mutu wanu, pitani mukafunse. Umu ndi mmene anachitira Ben White ndi Lindy Willmott a pa Queensland University of Technology ku Brisbane, pamodzi ndi anzawo. Anakhala pansi ndi madokotala amene ankagwira ntchitoyi ku Victoria, kenako ndi achibale a odwala. Kumeneko n'kumene kunatuluka nkhani zimene sizinali m'mafomu: kuvuta kopeza dokotala wovomera, kuchedwa kwa mapepala, ndi zipatala kapena nyumba zosamalira okalamba zimene zinkakana kuti zimenezi zichitikire pamalo pawo, wodwala n'kumanyamulidwa kupita kwina ali wofooka. Lamulo la Victoria silinanene kanthu za mabungwe okana. Chigawo cha Queensland polemba lake mu 2021 chinaikamo ndime zofotokoza zimene bungwe lokana liyenera kulolabe. Kaya mukugwirizana ndi ndimezo kapena ayi, onani kuti zinabadwa chifukwa wina anapita kukamva kwa eni ake.

Tibwere ku malipoti, chifukwa ambiri a inu mudzayamba ndi amenewa, poti ali pa intaneti ndipo ndi aulere. Oregon imatulutsa lipoti chaka ndi chaka. Muli zinthu zothandiza. Mudzaona kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu amene alemberedwa mankhwala samwa n'komwe. Mudzaonanso kuti chifukwa chimene chimatchulidwa kwambiri, pa anthu pafupifupi 9 mwa 10, ndi kulephera kudziimira paokha, pamene ululu uli m'munsi ndithu. Musanalembe chiganizo chokhudza "zimene odwala amafuna", funsani amene anadzaza fomuyo. Ndi dokotala, wodwala atamwalira kale. Mawu amene mukuwerengawo ndi a dokotala pofotokoza zimene akuganiza kuti wodwala ankaganiza. Komanso dongosolo lonse limadalira kuti woyang'aniridwa adzinenere yekha. Izi sizikutanthauza kuti madokotalawo ndi abodza. Zikungotanthauza kuti lipoti limawerenga amene anadutsa pachipata mwa njira yake. Amene anamwalira akudikira chilolezo, amene sanadziwe kuti lamulo lilipo, amene anabwezedwa ndi dokotala woyamba n'kugwa mphwayi, amene anavomera chifukwa choona kuti ana atopa naye, onsewa lipoti silingakuuzeni bwino za iwo.

Anthu a ku Netherlands anachita chinthu chimene ndimachilemekeza kwambiri. Mu 1990, lamulo lisanakhalepo, boma linakhazikitsa komiti yotsogoleredwa ndi Jan Remmelink, ndipo ofufuza otsogoleredwa ndi Paul van der Maas anatenga zikalata za imfa n'kufunsa madokotala zimene zinachitikadi, atawatsimikizira kuti mayina awo sadzaululidwa. Zotsatira zinatuluka mu 1991. Anapeza, mwa zina, kuti pa chaka anthu pafupifupi 1,000 ankafupikitsidwa moyo popanda pempho lomveka lochokera kwa iwo eni. Kafukufukuyu anabwerezedwa mu 1995, 2001, 2005 ndi zaka zina pambuyo pake, ndipo chifukwa cha iye tikudziwa kuti madokotala odzinenera ku boma anachoka pa 18 mwa 100 alionse mu 1990 kufika pa 80 mu 2005. Nambala ya 1,000 ija inagwiritsidwa ntchito ndi magulu onse awiri. Otsutsa anati nawu umboni woti chipata chikatseguka sichitsekeka. Ovomereza anati zimenezi zinkachitika mumdima, bwino kuziika poyera. Ofufuza aja anaitulutsa nambalayo podziwa kuti ipweteka dziko lawo. Inunso tsiku lina mudzapeza nambala yosasangalatsa mbali imene mtima wanu uli. Idzalembeni pamalo pomwe mukanailemba ikanakhala yokukomerani, ndi zilembo zazikulu chimodzimodzi. Ndipo kumbukirani kuti dziko limene limaletsa koma silinawerengepo silingadzitame kuti kwawo kulibe.

Osowa m'lipoti sali mbali imodzi yokha. Pali otsekeredwa kunja, palinso okankhidwira m'kati, ndipo Canada ndi kumene muyenera kuyang'ana mofatsa. Lamulo lawo la 2016 linkafuna kuti imfa ya munthu ikhale yoonekeratu kuti ikubwera. Khoti la ku Quebec litagamula mlandu wa Truchon mu 2019, nyumba ya malamulo inachotsa mfundo imeneyi mu 2021, kotero kuti munthu wolumala kapena wodwala matenda okhalitsa, amene sali pafupi kufa, akhoza kupempha. Mu 2023 anthu 15,343 anafa mwa njira imeneyi, pafupifupi 4.7 pa imfa 100 zilizonse m'dzikomo. Ambiri mwa iwo anali okalamba odwala khansa ndi matenda ena akupha. Koma mabungwe a anthu olumala akhala akufuula kuti ena akupempha imfa chifukwa chosowa nyumba yabwino, ndalama ndi owasamalira. Kafukufuku wotchuka wa Margaret Battin ndi anzake, wa 2007, sanapeze umboni woti osauka kapena olumala ankafa mochuluka ku Oregon ndi ku Netherlands. Kafukufukuyo anali wabwino pa nthawi yake ndi pamalo pake. Kumutenga n'kutsekera pakamwa munthu wolumala wa ku Toronto lero, pansi pa lamulo lina, ndi chinyengo, ngakhale wochitayo atakhala pulofesa. Umboni uli ndi kwawo ndi chaka chake, ndipo zonse ziwiri zizilembedwa pambali pake.

Mwina mukuganiza kuti pepala lanu lidzawerengedwa ndi oyesa mayeso atatu basi. Pa nkhani iyi sizili choncho. Mu 1993 khoti lalikulu la Canada linakana pempho la Sue Rodriguez, oweruza 5 kutsutsana ndi 4. Mu 2015, pa mlandu wa Carter, khoti lomwelo linagamula mosiyana, oweruza onse mogwirizana. Chimodzi mwa zimene zinasintha pakati pa zaka zimenezi ndi mulu wa umboni wa ofufuza wochokera ku Oregon, Netherlands ndi Belgium, umene woweruza woyamba, Lynn Smith, anaupenda tsamba ndi tsamba. Kufupi ndi kwathu kuno, ku South Africa, loya Robin Stransham-Ford, wodwala khansa, anapempha khoti la ku Pretoria mu April 2015. Woweruza anamuvomera, osadziwa kuti mwini wake wamwalira maola ochepa chigamulo chisanaperekedwe. Mu December 2016 khoti la apilo linafafaniza chigamulocho, ndipo pa zifukwa zake panali chakuti nkhani yaikulu chonchi inaweruzidwa mothamanga, popanda umboni wokwanira wa mmene zinthu zilili m'dzikolo. Aphungu a ku Britain povotera bilu yololeza zimenezi pa 29 November 2024, 330 kuvomera ndi 275 kukana, mbali zonse zinkatchula Oregon, Canada ndi Australia. Chiganizo chimene mwalemba usiku muli ndi tulo chikhoza kudzawerengedwa m'nyumba ya malamulo ndi munthu amene sadzaona n'komwe tsamba limene munachenjezapo za malire a kafukufuku wanu. Choncho chenjezolo liikeni m'chiganizo momwemo. Ngati munafunsa madokotala amene anavomera kugwira ntchitoyi okha, nenani choncho paliponse pamene mukutchula "madokotala". Ndipo ngati ndalama za kafukufuku zachokera ku bungwe lokhala ndi mbali, nenani patsamba loyamba.

Za kufunsa anamfedwa ndili ndi mawu ochepa, koma muwasunge. Inu munakulira kumene munthu salowa pasiwa ndi nsapato za phokoso. Mumadziwa kukhala pansi, kupepesa, kudikira kuti mwini nyumba ayambe yekha. Musazisiye zimenezi pabwalo la ndege poganiza kuti kumayiko ena kafukufuku ndi fomu ndi chojambulira mawu. Mayi wamasiye amene anasunga kabokosi kaja m'kabati ya zovala kwa miyezi iwiri sangakuuzeni mmene zinalili mukamuthamangitsa ndi mafunso anu olembedwa. Akasiya kulankhula n'kuyang'ana pawindo, chojambulira chizingoyenda, inu khalani chete. Akalira, funsani ngati mupitirize, ndipo akati ayi, kwathani pomwepo ngakhale mutayenda ulendo wautali. Chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa, kaya ndi ya payunivesite yanu kunja kapena COMREC ndi NHSRC kuno kumudzi, ndi chiyambi chabe. Kuchotsa dzina sikokwanira. M'tauni yaing'ono mmene muli dokotala mmodzi yekha wogwira ntchitoyi, mukangolemba msinkhu wake ndi matenda amene amachiza mwamuulula kale.

Musaiwale okana. Abale athu ambiri akugwira ntchito ya unamwino ndi yosamalira okalamba ku Britain ndi ku Australia, ndipo ena mwa iwo chikumbumtima chawo sichiwalola kutenga nawo mbali. Malamulo amateteza dokotala wokana momveka bwino, koma wosamalira wa malipiro ochepa, amene chitupa chake chokhalira m'dzikomo chili m'manja mwa bwana, ali ndi mphamvu yanji yonena kuti ayi? Nayenso sali m'lipoti. Inunso dzisamaleni. Kumvetsera nkhani za imfa tsiku ndi tsiku, kenako n'kuzilembanso mawu ndi mawu usiku, kumalemetsa mtima. Pezani munthu wouza, musadikire mpaka tulo titasowa.

Tsiku lina mudzabwerera, kapena mudzaitanidwa kumsonkhano ku Lilongwe kapena ku Lusaka, ndipo wina adzafunsa ngati ifenso tikufunika lamulo lotere. M'Malawi kuthandiza munthu kudzipha ndi mlandu waukulu. Maganizo anga sindibisa. Sindiweruza wodwala wa ku Melbourne amene analandira chithandizo chonse chimene chilipo, ululu wake n'kuchepetsedwa mmene kungathekere, kenako n'kusankha tsiku lake. Koma sindingaike dzanja langa pa lamulo lotere kuno lero. Bungwe la WHO limati mwa anthu onse padziko ofunika chisamaliro chochepetsa ululu, pafupifupi 14 okha mwa 100 ndi amene amachilandira, ndipo osalandirawo ambiri ali kumayiko ngati athu. Lowani m'wodi ya amayi odwala khansa ya khomo la chiberekero. Onani wodikirira wodwala amene wagona pa chitenje pansi pa bedi sabata yachitatu, munda kumudzi osalima, ndalama ya thiransipoti itatha. Wodwalayo akuona zonsezi. Akanena kuti bola kufa, ndi ululu umene ukulankhula, ndi chisoni pa mwana wakeyo, ndi umphawi. M'dziko limene okalamba ena amaphedwabe powanamizira ufiti, mawu akuti "wasankha yekha" ayenera kutiopsa.

Izi sizikutanthauza kuti maphunziro anu alibe ntchito kwathu. Luso lomwelo lofunsa kuti lamulo likuteteza yani ndipo likutsekereza yani likufunika kuno kuposa ku Brisbane. Ku Uganda, Anne Merriman atayambitsa Hospice Africa Uganda mu 1993, anabweretsa morphine wakumwa wotsika mtengo, ndipo mu 2004 dzikolo linasintha malamulo kuti anamwino ophunzitsidwa bwino azitha kulembera odwala mankhwalawa popanda kudikira dokotala. Kusintha kwa ndime zochepa kunafikitsa mpumulo kumidzi kumene dokotala safika. Kwathu a Tiyanjane pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, a Ndi Moyo ku Salima ndi bungwe la PACAM agwira ntchito yaikulu, koma mafunso a malamulo akadali ambiri osafufuzidwa mokwanira. Ndani amaloledwa kulemba ndi kusunga morphine pachipatala chaching'ono, nanga mantha a malamulo a mankhwala oopsa amachititsa angati kusamupereka? Wodwala ali ndi ufulu wanji achibale akauza adokotala kuti, "Musawauze, angataye mtima"? Munthu akakana chithandizo n'kupempha kukafera kwawo, lamulo limati chiyani, ndipo m'wodi mumachitika chiyani?

Choncho pitani, kaphunzireni kwa amene anayamba kale, kawerengeni malamulo awo mpaka muwadziwe kuposa eni ake. Koma pakati pa inu papezeke mmodzi amene adzatenge kope ndi cholembera, n'kuyenda zipatala zonse za boma lake, kufunsa pa chilichonse ngati lero pashelefu pali morphine, ndipo ngati palibe, anatha liti ndi chifukwa chake. Akatero adzatilembere zimene wapeza, m'Chichewa, kuti aphungu ndi odikirira odwala omwe awerenge.